Bondo la Gwape

9 Febuluwale

Gwape mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi azakhali ako. Kuno tilipo. Chifuwa cha amayi ako chija chinatha. Ntchito kushopo ikuyenda, kungoti matabwa a masiku ano amabwera osauma, ukapanga chitseko lero, mawa chapindika.

Ndalemba chifukwa wakhala chete nthawi yaitali. Ukudziwa kuti ine ndi foni sitimvana. Makina ochekera matabwa anandidya makutu, munthu akamayankhula ndimangomva ngati njuchi zatsekeredwa m'botolo. N'chifukwa chake tinapangana kuti uzindilembera, kondakitala wa basi azitinyamulira. Dzulo ndinamudikira pasiteji, iye n'kungonditambasulira manja opanda kanthu.

Mayeso olowera ntchito yozimitsa moto aja ndi mu Epulo, si choncho? Kukonzekera kukuyenda bwanji? Unati amakukwezani nsanja mutasenza payipi ya madzi, mukatsika n'kuthamanganso. Za kuthamanga sindikayika. Dzina lakoli sunalitole pansi, unkasiya anyamata onse a kusukulu kwanu akupuma wefuwefu m'mbuyo. Koma ukumbukire kuti zaka zimene amalola olowa ntchitoyi, kwa iwe zikuthera chaka chino. Usaseweretse mwayi.

Amayi ako amati akamakuimbira umangoti uli bwino. Akufunsa ngati ukudya mokwanira. Ine ndikufunsa nkhani zenizeni. Undiyankhe.

Ndine,
Bambo ako

20 Febuluwale

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu anga. Kalata yanu inafika, koma mwini wake anaiwerenga n'kuiika kunsi kwa pilo. Ndiye ndati ndiyankhe ine, ndisafe ndi mawu m'mimba.

Mwana wanu akudwala bondo lakumanja. Musadzidzimuke, sanagwe, sanathyoke. Mukukumbuka kuti ndimakhala pamwamba, masitepe aja munawatukwana mutabwera kudzandiona. Iyeyu anawasandutsa bwalo la masewera. M'mawa kukwera ndi kutsika atasenza thumba la mchenga, madzulo kuthamanga. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ngakhale galimoto imapuma," iye n'kungoseka. Lero akamatsika amagwira khoma ngati nkhalamba. Kunjuta sangathe. Akakhalitsa mu minibasi, podzuka amaluma mano. Akuti pamawawa ndi kutsogolo, pa kafupa kozungulira kaja kokhala ngati chivundikiro cha bondo, ndi kuseri kwake.

Tinapita kuchipatala, anajambula mafupa, akuti palibe chothyoka. Anatitumiza kwa adokotala a mafizo. Achimwene, zimene ndinaona kumeneko! Ine ndimayembekeza jakisoni. Adokotalawo anayamba ndi mafunso osatha ngati ali kupolisi. Kenako anamuuza avule siketi avale kabudula, namuimiritsa ndi mwendo umodzi ngati tambala, namuyendetsa uku ndi uku, iwo foni ili m'manja akumujambula miyendo kutsogolo ndi kumbuyo. Atatha apo anamugoneka pabedi n'kumamukankha cha m'chiuno. Chowawa ndi bondo, iwo ali kalikiliki ndi chiuno! Tinatuluka opanda ngakhale piritsi limodzi. Anangotipatsa lamba wa labala ngati wa gulaye, akuti azichita naye mafizo kunyumba.

Ine ntchito yanga ndi kusita zovala za alendo kuhotelo, za udokotala sindizidziwa. Koma shati yopserera sindinaionepo ikuchira chifukwa choiyang'anitsitsa. Mwana akuti adokotalawo wawakhulupirira, ndipo akubwererakonso sabata yamawa. Inu monga mwini mwana muganizepo.

Sakudziwa kuti ndalemba. Kondakitala akamabwera mundipatsireko mpini wa mpeni wanga uja munalonjeza chaka chatha.

Mlongo wanu

22 Febuluwale

Bambo,

Moni wa ulemu kwa inu ndi amayi. Ine ndili bwino, azakhali alinso bwino. Pepani pochedwa kuyankha, zochita zandichulukira.

Ndili ndi pempho. Mundipangire kabokosi ka matabwa kolimba, kosagwedera. Msinkhu wake ukhale ngati chikhatho choimika, pamwamba pake pakhale potakata ndithu komanso posaterera. Mukapatse kondakitala msanga ngati mungathe. Za mayeso tidzakambirana, zinthu zasintha pang'ono.

Amayi muwauze kuti ndikudya. Denga la khitchini lija munakonza, kapena amayi akuphikabe atavala chipewa?

Mwana wanu,
Gwape

1 Malichi

Achemwali,

Moni. Makalata awiri, yanu ndi ya mwana, kondakitala wandipatsira limodzi, ndipo chiwawerengereni mtima sunakhale m'malo.

Mlongo wanga, ndinakupatsani mwana kuti mumuyang'anire. Mwamuna wachilendo akuuza mwana wamkazi kuti avule siketi, akumujambula miyendo pafoni, akumugwira m'chiuno pamene chowawa ndi bondo, inu muli pompo mwangopinda manja? Zithunzizo zapita kuti? Dokotala wanji wosapereka mankhwala? Mwana asapitekonso. Mundiuze khomo la chipinda chake, ndikwera basi ndidzamuone nkhope mwamuna ameneyo. Amayi ake a mwana sindinawauze, mukudziwa za kuthamanga kwawo kwa magazi.

Chachiwiri. Mwana akuti ali bwino, za bondo sanatchule n'komwe, koma akufuna kabokosi, akuti zinthu zasintha. Ine si mwana. Kabokosi kafupi kotakata pamwamba ndimakadziwa, ndapangira amayi ambiri oyala malonda m'mbali mwa msewu. Ndiye kuti wataya mtima, akufuna kuyala tomato? Kugulitsa si tchimo, koma andiuze poyera, asandizungulire. Ndipo ngati zafika pamenepo, abwerere kuno, tomato amagulikanso kwathu kuno.

Kabokosiko ndapanga ndithu, poti wapempha. Koma muyeso wake unandizunguza mutu. Chikhatho cha ndani, changa kapena chake? Mwana wa kalipentala kulemba muyeso wotere! Ndiye ndapanga titatu tosiyana msinkhu, tolowetsana, asankhe yekha. Ndi ta thabwa louma, ndalumikiza ndi mano, osati misomali yokha. Ngakhale inu mutaimapo sitingathyoke.

Mpini wa mpeni uli m'kabokosi kakang'onoko. Mundiyankhe ndi basi yobwerera.

Mchimwene wanu

9 Malichi

Bambo wanga,

Moni kwa inu ndi amayi. Azakhali andiwerengera kalata yanu. Tinaseka mpaka kugwira nthiti, kenako ine ndinalira zenizeni. Pepani kuti ndinakubisirani za bondo, sindinafune kuti mude nkhawa muli kutali.

Choyamba, basi musakwere. Adokotala aja ndi mayi, Bambo! Ndi aakulu kuposa amayi anga, aafupi, a imvi mbuu, ovala nsapato zothamangira. Azakhali anangoiwala kutchula. Kuchipatala onse amawaitana kuti Mayi a Fizo. Foni imene ankajambulira ndi yanga, ndipo anayamba apempha kaye.

Ndikuuzeni mmene anandiyezera. Sanathamangire kugwira bondo. Anandifunsa kuti linayamba liti, limawawa ndikamatani, ndipo ndinasintha chiyani lisanayambe. Nditanena za thumba la mchenga anati, "Mwanawe, ntchito ya miyezi unaipanikiza m'masabata. Bondo silinakane ntchito, lakana kudzidzimutsidwa." Kenako anapapasa mbali zonse kuona ngati latupa, analikoka, analipotoza, kuti atsimikize kuti mkatimo simunaduke kanthu. Kafupa kakutsogolo kaja anakasuntha ndi zala uku ndi uku. Atatero anandiimiritsa pa sitepe ndi mwendo wodwalawo nati nditsike pang'onopang'ono.

Ine ndinkaona ngati ndatsika mowongoka. Atandionetsa kanemayo akuyenda mochedwa, ndinachita manyazi. Bondo linkagwera mkati ngati likufuna kupsompsona linzake, chiuno chikupendekera mbali imodzi. Anandigoneka cham'mbali nati ndikweze mwendo iwo akukankha. Bambo, ine Gwape, mayi wa imvi anandigonjetsa ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba!

Akuti kafupa kaja kamayenda m'kangalande ka fupa la ntchafu bondo likamapinda. Minofu ya m'chiuno ndi ya pantchafu ikachepa mphamvu, mwendo umapotokera mkati, ndiye katundu amakanikiza malo amodzi mpaka pamayamba kuwawa. Mankhwala ake ndi kuchepetsa kaye ntchito, kulimbitsa minofu imeneyo, ndi kuphunzira kutsika mowongoka. Kugona pabedi anandiletsa, akuti bondo logonekedwa limafooka.

Timabokosi tanu ndi ta ntchito imeneyo, osati tomato! Ndimaimapo n'kumatsika nditayang'ana pagalasi kuti bondo liziloza kumene kwaloza zala. Nditapita nato, Mayi a Fizo anatitembenuza, anayendetsa chala m'malumikizidwe, n'kuimapo okha. Anati, "Ine ndinapempha kamodzi, bambo ako atumiza sukulu yonse. Uyambira kakang'ono. Kakakuluko ukakafika ndikuuza ndine."

Tsopano nkhani yovuta. Akuti mayeso a Epulo ndisapange. Kuli ena mu Okutobala, ndipo amenewo ndiwo anga omaliza malinga ndi zaka. Ndinawafunsa ngati palibe jakisoni woti andithandize tsiku limodzi lokhalo. Anandiyang'ana nati, "Ine sindikufuna ungokhoza mayeso. Ndikufuna udzagwire ntchitoyo mpaka udzakhale ndi imvi ngati zanga."

Inu mukuti bwanji, Bambo?

Mwana wanu,
Gwape

21 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Tilipo, ndipo denga ndinakonza, amayi ako avula chipewa. Azakhali ako uwauze kuti tsiku lina akamalemba azitchula ngati munthu ndi bambo kapena mayi. Ndikanapita kukachita manyazi kuchipatala cha eni.

Zimene akunena mayiwo ndazimva, ndipo ndi zanzeru. Dirowa ikamakhula mbali imodzi, wosadziwa amathamangira kupala dirowayo, pamene kawirikawiri ndi tebulo lonse lapendekeka. Munthu amene wayang'ana chiuno wodwala akuloza bondo, ameneyo ndi mmisiri. Uwapatse moni wanga.

Koma pa za Epulo sindikugwirizana nawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Uli ndi mipata iwiri, iwo akuti utaye umodzi usanauyese. Nanga mu Okutobala ukadzadzuka ndi chimfine? Nanga akadzaimitsa kulemba anthu? Ine ndagwirapo ntchito chala chili mu bandeji, mipando n'kutuluka yabwinobwino. Umwe mapiritsi, ulume mano, uyese. Ukalephera sunataye kanthu, Okutobala alipobe.

Ndanena monga bambo wako amene ndakuona ukuilota ntchito imeneyi chiyambire tsiku limene sitolo yoyandikana ndi shopo yathu inapsa, iwe uli kamwana, utakakamira mwendo wanga koma osafuna kuchoka. Undiuze zimene wasankha.

Bambo ako

16 Epulo

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Ife tilipo, koma kalata yanu ija inatigwetsera ntchito.

Mwana anali atayamba kupeza bwino. M'mawa uliwonse amasuntha tebulo pabalaza, kugona cham'mbali, kukweza mwendo, kuyenda ngati nkhanu lamba wa labala ali m'mawondo. Masitepe anayamba kutsika osagwira khoma. Kenako anawerenga mawu anu aja. M'mawa mwake ine ndili kuntchito anamwa mapiritsi, natola thumba lake la mchenga kuti adziyese. Pobwera ndinamupeza atakhala pakati pa masitepe, kukwera osatha, kutsika osatha, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinamuperekeza kwa Mayi a Fizo, mumtima ndikuti lero titukwanidwa. Mayiwo anamvetsera zonse, anapapasa bondo, n'kunena kuti, "Sunawononge kanthu. Langokwiya. Tibwerera m'mbuyo pang'ono." Anamata tepi pabondopo kuti ululu uchepe.

Mwana anati, "Bambo anga akuti ndikalephera sinditaya kanthu."

Iwo anati, "Bambo ako amakukonda, ndipo mantha awo ndi oona, Okutobala akhoza kubwera ndi zake. Thupi ndi lako, kusankha n'kwako. Ine ndingokuuza zimene ndikuona. Lero bondoli silingakwere nsanja ndi payipi. Ukalikakamiza, mwina tidzafika Okutobala tikulinyengererabe."

Pamapeto pake mwana anati, "Ndidikira."

Tsiku la mayeso anafuna kukaonerera ali kunja kwa mpanda. Ndinati usapite, ukadzipweteka mtima, koma mukumudziwa mwana wanu, anatengera inu. Ndiye ndinapita naye. Mukudziwa amene tinamupeza kumeneko? Mayi a Fizo, tsiku lawo lopuma, ali ndi ambulera kudzuwa. Akuti amafuna aone ndi maso awo msinkhu wa masitepe a nsanjayo, kulemera kwa payipi, ndi mmene anthu amakhotera potsika, kuti adziwe chomukonzekeretsa mwana. Mayeso atatha ananyengerera mlonda mpaka anawalola kulowa. Tinawaona akunyamula payipiyo, mayi wamfupi uja, n'kukwera nayo pang'ono, n'kutsika akudzilankhulira okha. Anyamata ozimitsa moto anasiya zimene amachita n'kumawayang'ana kukamwa kuli yasa.

Achimwene, ine mayi amene uja ndinamunyoza chifukwa cha piritsi. Ndabweza mawu anga. Ndagwira ntchito ndi anthu ambiri, koma wotsatira ntchito yake mpaka kumpanda wa eni pa tsiku lopuma sindinamuonepo.

Mwana musamukalipire. Wasankha yekha, ndipo ine ndili kumbali yake.

Mlongo wanu

5 Julayi

Gwape mwana wanga,

Moni. Kuno tilipo, kukuzizira. Chilandirireni kalata ya azakhali ako ndakulembera kawiri, yankho palibe. Iyi ndapatsira dalaivala wa lole ya matabwa kuti akupatse m'manja.

Ngati wandikwiyira chifukwa cha malangizo anga aja, chifukwa uli nacho. Koma undikwiyire polemba, osati pokhala chete. Amayi ako tsopano akudziwa zonse ndipo andidzudzula mokwanira, usavutike kuwonjezera. Amandiuza kuti umawaimbira. Sindinawauze kuti ine sukundilembera.

Bondo lili bwanji? Uli pa kabokosi kati?

Bambo ako

14 Julayi

Bambo wanga wokondedwa,

Moni. Ine kukukwiyirani? Ine ndimaganiza kuti ndinu mwandikwiyira chifukwa sindinamvere mawu anu, ndipo kufunsa amayi ndimaopa! Nditalandira kalata yanu ndinapita ku ofesi ya mabasi. Kondakitala wathu uja anamusinthira njira ina, ndipo makalata anu ndi anga ndinawapeza onse m'katoni imodzi pamodzi ndi maambulera otayika. Miyezi yonseyi takhala tikupepesana m'katoni. Ndawatumiza limodzi ndi iyi, muwerenge mwa dongosolo.

Ndili pa kabokosi kakakulu, Bambo! Ndimatsikapo thumba la mchenga lili paphewa, lodzaza theka. Sizinali zophweka. Mafizowa ndi otopetsa, zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, ndipo mu Meyi ndinatsala pang'ono kutaya lamba uja pawindo. Mayi a Fizo anandipatsa lamulo limodzi: ululu pang'ono si mlandu, bola usakule, ndipo pofika mawa ukhale utatha. Ukapitirira, ndiye kuti ndachulutsa.

Ndayambanso kuthamanga. Anandikweza pa makina othamangirapo n'kundijambulanso. Akuti ndimaponya phazi kutali kwambiri n'kugwa ndi chidendene ngati ndikukhoma msomali. Andiphunzitsa kuponda pafupipafupi, mofewa. Amaima pambali n'kumawomba m'manja kuti nditsatire, amvekere, "Thamanga ngati pansi pano pagona khanda, usalidzutse." Poyamba ndinkadziona ngati nkhuku. Pano ndikuthamanga mtunda wautali bondo lili phee.

Dzana anaika kanema wa Febuluwale ndi wa lero pamodzi. Ndinangoti, "Uyo ndi ndani?" Anaseka nati ndisadzitame, payipi ikundidikira.

Mundilembere za kushopo. Matabwa ayamba kubwera ouma?

Mwana wanu,
Gwape

19 Okutobala

Achimwene,

Moni, moni, moni! Khalani pansi kaye musanawerenge, ndipo alamu akhale pafupi. Mwana wanu wakhoza!

Ndinapempha tchuthi kuhotelo, ndinali pampanda pomwe paja. Atsikana anali ochepa, anyamata gulu. Itafika nthawi yake, anaika payipi paphewa n'kuyamba kukwera. Kukwera sikunandiopse kwambiri, ndimaopa kutsika, poti ndi kumene kunkamuliza. Achimwene, anatsika ngati munthu wotsika m'nyumba yake. Mnyamata wina anamupitirira akudumpha masitepe, anthu n'kumakuwa. Iye sanatembenuke n'komwe, phazi ndi phazi, bondo lili chilili. Atafika pansi anatula payipi n'kuuyatsa liwiro ndi timapazi take tapafupipafupi tija. Pofika pakona, mwana wanu anali atamupeza mnyamata wodumpha uja.

Sanakhale woyamba, ndisakunamizeni. Koma mkulu wa ozimitsa moto atayamba kuwerenga maina a okhoza, lake linatuluka. Ine ndinakuwa mpaka mlonda anabwera kudzandifunsa ngati ndapsa.

Mayi a Fizo sanabwere, linali tsiku la odwala. Tinapita komweko mwana asanasambe n'komwe. Tinawapeza akuphunzitsa bambo wina wokalamba kudzuka pampando. Atationa pakhomo anakweza chala kuti tidikire, ndipo tinadikiradi mpaka bamboyo anaimirira yekha. Kenako anabwera, nayang'ana mwana kumaso, nati, "Usandiuze, ndaona kale." Anamukumbatira, mutu wawo ukulekeza paphewa pa mwana.

Ine ndinati, "Mayi, mwatichitira zazikulu, tikuthokozeni bwanji?"

Anati, "Ine ndinangoloza. Amene amagona pabalaza panu m'mawa uliwonse ndi uyu." Atatero anatembenukira kwa mwana nati, "Kuno usabwerenso, ndakutulutsa. Koma mafizo usasiye, nsapato za ntchito yanuyo n'zolemera." Anabwerera kwa bambo wokalamba uja ife tisanatuluke n'komwe.

Maphunziro ayamba mwezi wamawa. Mwana akufuna bokosi lotsekeka la zovala, ndipo nthawi ino muyeso walemba bwinobwino kuseri kwa pepalali.

Mlongo wanu wosasa mawu

2 Juni

Bambo ndi Amayi,

Moni wa ulemu. Ine ndili bwino, azakhali alinso bwino. Pepani kuti chimalizireni maphunziro ndakhala ndikulemba timizere tochepa. Lero ndili ndi nkhani.

Lachiwiri masana belu linalira. Moto unabuka m'nyumba yosanjikizana, pansi pali masitolo, pamwamba mukukhala anthu. Unayambira m'sitolo ya matiresi, ndipo pamene timafika utsi unali utadzaza njira ya masitepe. Anthu ambiri anali atatuluka, koma mtsikana wina ankakuwa kuti agogo ake atsala pamwamba, sayenda. Mkulu wathu analoza ine ndi mnzanga wina.

Tinakwera tikupapasa khoma, kutsogolo osaona. Tinawapeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, thaulo lonyowa lili kukamwa. Mnzanga anatsogola ndi tochi, ine ndinawasenza. Sanali opepuka, Bambo, ndipo masitepe anali oterera ndi madzi. Njira yonse ankandinong'oneza kuti, "Mwanawe, usandigwetse, mwanawe, usandigwetse." Ndinati, "Gwirani zolimba, agogo, tifika." Tinafikadi. Titatuluka panja ndi pamene anaona nkhope yanga, amvekere, "Aa, ndi mtsikana!" Anthu a ambulansi anaseka, iwonso anaseka uku akutsokomola. Ndamva kuti atuluka kale m'chipatala.

Pobwerera m'galimoto tonse nkhope zinali bii. Mnzanga uja amadziwa za vuto langa lakale, ndiye anandigunda ndi chigongono nati, "Nanga bondo lija?" Bambo, ndinachita kuyang'ana pansi, ndikuganiza kuti kodi linali lakumanja kapena lakumanzere.

Mawa ndikupuma, ndikadutsa kuchipatala ndikawauze Mayi a Fizo. Ndikudziwa kuti akandidikiritsa pakhomo, koma ndikadikira.

Andipatsa tchuthi kumapeto kwa mwezi uno. Ndibwera ndi basi ya m'mawa. Amayi asavutike kuphika zambiri, ndipo inu Bambo mutseke shopo tsiku limenelo, ndili ndi zambiri zoti ndikuuzeni. Ndidzakhala kumbali ya khutu limene limamvako.

Mwana wanu,
Gwape